Icarus Verilog pa benchi ya mmisiri wa ku Chigwa cha Shire: ndi yothandiza, koma si woweruza

Ngati muli ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, muli ndi laputopu yakale ndi kabolodi ka FPGA (chip imene mumaiumba kukhala saketi imene mukufuna), ndipo mukufuna kuyesa code yanu ya Verilog (chinenero cholembera masaketi a digito) musanailowetse m'chipangizo choyendetsa pampu ya mthirira, pulogalamu yoyamba kuika ndi Icarus Verilog, simulator imene imathamangitsa code yanu pa kompyuta ngati kuti ndi saketi yeniyeni. Anailemba Stephen Williams, ndi yaulere pansi pa layisensi ya GPL, ndipo mukangoiika siifunanso intaneti. Pa Ubuntu mumangolemba `sudo apt install iverilog gtkwave verilator` basi, ndipo mwaikanso GTKWave yoonetsera mafunde a zizindikiro, ndi Verilator, simulator ina. Ubuntu 24.04 imapereka Icarus 12 ndi Verilator 5, pomwe ya 22.04 imapereka Icarus 11 ndi Verilator 4. Laputopu ya RAM ya 4 GB imainyamula popanda kubanika, zomwe zimathandiza masana amene magetsi azima ndipo mukudalira batire.

Maganizo athu ndi awa: pophunzirira ndi poyesera masaketi aang'ono, Icarus ndi yabwino kwambiri, ndipo tikuilimbikitsa ndi mtima wonse. Choopsa chili pa momwe anthu amaikhulupirira. Buku la malamulo a Verilog lili ndi malo amene linasiya khomo lotsegula mwadala, komanso malo ena amene linalankhula mosamveka mpaka makope apambuyo anadzawongola. Pamalo oterowo Icarus imasankha njira imodzi, n'kumaibwereza tsiku ndi tsiku, ndipo mmisiri amafika poganiza kuti limenelo ndilo lamulo. Kenako saketi ikalowa mu chip, pampu imachita zina.

Kuti nkhani igwire nthaka, titenge chipangizo chimodzi chodziwika. Madzi akuchokera m'ngalande kupita m'thanki yapamwamba. M'thankimo muli maswichi awiri oyandama, ina pansi ina pamwamba. Madzi akatsika pampu iyake, akadzadza izime, ndipo ikazima ipumule mphindi 6 isanaloledwe kuyakanso. Kabolodi kake tinene kuti ndi iCEstick, kamene kali ndi chip ya iCE40HX1K ya Lattice ndi clock ya 12 MHz. Kupumula kwa mphindi 6 si nkhani yamasewera: mota ya mtundu wa induction ikamayaka molunjika imakoka magetsi ochuluka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa pamene ikuyenda, ndipo m'kutentha kwa Okutobala kuno ku Chigwa, pamene kumapyola madigiri 40, mota yoyaka ndi kuzima pafupipafupi imapsa makoyilo.

Buku la malamulo ndi makope ake

Verilog inakhala mulingo wa IEEE 1364 mu 1995, n'kukonzedwanso mu 2001 ndi mu 2005. SystemVerilog, Verilog yowonjezeredwa, inatuluka mu 2005 ngati IEEE 1800, ndipo mu 2009 ziwirizi zinaphatikizidwa kukhala buku limodzi, limene linakonzedwanso mu 2012, 2017 ndi 2023. Ndi buku la masamba opitirira 1,000, ndipo limapezeka kwaulere kudzera mu IEEE GET Program mothandizidwa ndi Accellera. Lidawunilodeni kamodzi pamene netiweki ili bwino, muligawane pa flash. Simufunika kuliwerenga lonse. Mutu 4, wa kandandalika ka zochitika, ndi mutu 11, wa ma operator, ndiyo imene imapulumutsa anthu ambiri.

Chinthu chimodzi chimene Icarus imachita bwino ndi chakuti imakulolani kusankha kope. `-g2005` ndi Verilog yakale, `-g2012` ndi SystemVerilog. Lembani chisankhochi mu Makefile, musachisiye kuti chidzisankhe chokha, chifukwa fayilo yomweyo ikhoza kutanthauza zinthu ziwiri pansi pa makope awiriwa.

Mpikisano wa ma always awiri

Swichi yoyandama siidziwa clock yanu. Imatseka nthawi iliyonse imene madzi afika, ndiye chizindikiro chake chiyenera kudutsa ma flip-flop (timasaketi tosunga bit imodzi pa kugunda kwa clock) awiri motsatizana chisanagwiritsidwe ntchito. Ophunzira ambiri amalemba motere:

```
always @(posedge clk) s1 = swichi;
always @(posedge clk) s2 = s1;
```

Clock ikakwera, ma always onse awiri amadzuka nthawi imodzi. Uti ayambe? Buku silinena. Mu kope la 2017, gawo 4.6 limalonjeza zinthu ziwiri zokha: mizere ya mkati mwa begin ndi end idzatsatizana monga inalembedwera, ndipo ma nonblocking assignment (olembedwa ndi `<=`) adzachitika mu dongosolo limene anakumanidwira. Gawo 4.7 limanena poyera kuti zochitika zodikira mu Active region, mzere wa zochitika zoyenera kuchitika panthawi yomweyo, zikhoza kutengedwa mu dongosolo lililonse. Woyamba akatsogola, s2 ilandira mtengo watsopano wa swichi pa clock yomweyo, ngati flip-flop ndi imodzi. Wachiwiri akatsogola, s2 ichedwa ndi clock imodzi, monga zimakhalira mu chip. Mayankho onse awiri ndi ovomerezeka, ndipo palibe simulator imene mungaiimbe mlandu.

Icarus sikuchenjezani pamenepa, ngakhale mutaika `-Wall`. Ichi ndi cholephera chake chachikulu pa zonse. Imasankha dongosolo lake, n'kukupatsani mafunde oyera mu GTKWave, ndipo mukathamangitsanso ka 100 yankho limakhala lomwelo. Kusasinthako ndi kumene kumanamiza. Njira yotsika mtengo yoyesera ndi kusinthanitsa malo a mizere iwiriyo mu fayilo n'kuthamangitsanso. Mafunde akasintha, dziwani kuti muli ndi mpikisano. Akapanda kusintha musakhazikike mtima, chifukwa kuyesaku sikugwira zonse.

Mankhwala ake ndi kulemba `<=` m'malo mwa `=` paliponse pamene pali posedge, kukwera kwa clock. Ndi `<=`, mbali yakumanja imawerengedwa mu Active region, koma kulemba kumadikira NBA region (ya ma nonblocking assignment), pamene ma always onse awerenga kale mitengo yakale. Dongosolo silikhalanso ndi kanthu. Ndipo chenjerani ndi kusiyana uku, kumene ambiri amakusokoneza: mukaika mizere iwiri ya `=` ija mkati mwa always imodzi, mpikisano umatha, koma mwapanga saketi ina. Tsopano s2 ikulandira swichi molunjika, ndipo chitetezo cha ma flip-flop awiri chachoka mu chip momwe, osati mu simulation mokha.

Buku lenilenilo lili ndi chitsanzo chaching'ono pa gawo 4.8 choyenera kuchiloweza:

```
assign p = q;
initial begin
  q = 1;
  #1 q = 0;
  $display(p);
end
```

Simulator ikhoza kusindikiza 1 kapena 0, zonse n'zolondola. Chifukwa chake mu testbench, code yoyesera saketi yanu, gwiritsani `$strobe`, imene imadikira kuti zonse za mphindi imeneyo zikhazikike, kapena yang'anani zotuluka pa negedge, kutsika kwa clock. Ena amathira `#0` kuti akankhire mzere kumbuyo. Musatengere. Imangosamutsira mpikisano ku Inactive region, ndipo wina akathiranso `#0` yake mwabwerera pomwe munali.

Mphindi ya ziro

Apa ndi pamene makope a bukuli anasinthadi lamulo. Mu Verilog ya 2001 ndi 2005, kulemba `reg clk = 0;` kunali ngati kulemba initial yapadera, ndipo dongosolo lake poyerekeza ndi ma initial ndi ma always ena silinatchulidwe. Tsono reg iliyonse imayamba ili x, mtengo wosadziwika, ndipo kuchoka pa x kupita pa 0 buku limakuwerenga ngati negedge, monganso kuchoka pa x kupita pa 1 kuli posedge. Ndiye always yodikira negedge inkatha kuona m'mphepete pa mphindi ya ziro kapena kusaona, malinga ndi amene wadzuka koyamba. SystemVerilog inatseka khomo limeneli: mtengo woperekedwa pa chilengezo umaikidwa initial kapena always iliyonse isanayambe, choncho palibe always imene ingaone kusinthako.

Kuwongolaku kunabala msampha wina. `always @*` imadikira kuti china chisinthe. Ngati zolowa zake zonse zinaikidwa pa chilengezo ndipo sizinasinthebe, always imeneyo siidzuka, ndipo chotuluka chake chimakhala x. Pa chipangizo chathu, waya wopita ku relay ya pampu umaoneka wofiira mu GTKWave mpaka swichi itasuntha koyamba, ndipo munthu amataya tsiku akufunafuna cholakwa chimene mu chip mulibe. `always_comb` inabwera kudzathetsa zimenezi: buku limalamula kuti ithamange kamodzi pa mphindi ya ziro, ma initial ndi ma always onse atayamba kale. Icarus imailandira kuyambira pa 11 mukaika `-g2012`. Igwiritseni ntchito. Ndipo mu testbench musayambe chilichonse pa ziro: gwirani reset kwa ma clock angapo, muisiye ndi `<=` kapena pa negedge.

Mphindi 6 zosanduka masekondi 2

Ichi ndicho chimene chatichititsa kulemba ndemangayi, chifukwa apa Icarus imapatuka mwadala pa zimene zida zambiri zimachita. Nthawi yopumula ya pampu mmisiri amailemba chonchi:

```
localparam PUMULA = 12000000 * 360;
```

Masamu a pa pepala akupereka 4,320,000,000. Koma manambala awiriwa alibe kukula kolembedwa, ndipo buku limangoti nambala yotereyi ikhale ndi ma bit osachepera 32. Mawu akuti osachepera ndiwo khomo lotseguka. Zida zambiri zimaima pa 32 penipeni. Ma bit 32 amazungulira akafika pa 4,294,967,296, ndiye chotsala ndi 25,032,704. Gawani ndi 12,000,000: masekondi 2 ndi kanthu pang'ono. Pampu imene inayenera kupumula mphindi 6 ikuyakanso pakatha masekondi 2, ndipo madzi a m'thanki akamagwedezeka ndi mphamvu ya mpope wolowetsa, swichi imangoti tseku tseku, mota n'kumayaka ndi kuzima mpaka fungo la vanishi yopserera litamveka.

Icarus, mukaisiya monga inabwerera, simadula. Bukhu lake la malangizo limanena kuti mbali yakumanja ya parameter, komanso masamu alionse okhala ndi nambala yopanda kukula, amawerengedwa popanda kutaya bit. Ndiye `$display(PUMULA)` ikusonyezani 4320000000, inu n'kukondwa. Mukawonjezera `-gstrict-expr-width` ikusonyezani 25032704. Tikumvetsa chifukwa chimene olemba ake anasankhira kukhululuka, koma ife tikuona kuti kwa munthu amene code yake ikupita mu chip, chisankhochi n'cholakwika. Simulator yokoma mtima kuposa chida cha synthesis, chosandutsa code kukhala saketi ya mu chip, imabisa matenda. Ikani `-gstrict-expr-width` mu Makefile tsiku loyamba ndipo musaichotsenso.

Chimene chimakulitsa vutoli n'chakuti palibe amene amayesa ma clock 4,320,000,000 mu Icarus. Zingatenge nthawi yosapiririka. Aliyense amachepetsa nambalayo mu testbench kukhala 100 kapena 1,000, ndiye nambala yeniyeni imakayesedwa koyamba pa pampu yeniyeni. Kukonza kwake n'kosavuta. Mukhoza kulemba `localparam [39:0] PUMULA = 40'd12000000 * 40'd360;` ndipo palibenso chida chimene chingamasulire mwina. Koma njira yabwino koposa ndi kugawa kauntala pawiri: ina ya ma bit 24 yowerenga mpaka 11,999,999 n'kutulutsa kugunda kumodzi pa sekondi, ina ya ma bit 9 yowerenga masekondi mpaka 360. Makauntala aafupi amadutsa timing mosavuta pa chip yaing'ono ya ma logic cell 1,280, ndipo mu testbench mumachepetsa yoyamba yokha, yachiwiri n'kuyesedwa ndi nambala yake yeniyeni.

Pafupi ndi zimenezi pali lamulo lina limene silosamveka, koma limawerengedwa molakwika kawirikawiri. Mukafuna pakati pa miyeso iwiri ya kuya kwa madzi ya ma bit 16, `(a + b) >> 1` yolembedwa mu reg ya ma bit 16 imataya bit yonyamula, ndipo miyeso ikakhala yaikulu yankho limagwa pansi. Ndiye kuti chipangizo chochenjeza anthu a ku Chiromo kapena ku Makhanga, kumene Ruo amakumana ndi Shire, chikanena kuti madzi ndi ochepa panthawi yomwe akwera kwambiri. Amene anaona madzi a Januwale 2015 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sangachione chopepuka chimenechi. Sungani chiwerengerocho mu wire ya ma bit 17 kaye, kenako mugawe. Kumbukiraninso kuti mu masamu osakaniza, chinthu chimodzi chikakhala unsigned, masamu onse amakhala unsigned, ndipo chidutswa ngati `a[7:0]` ndi unsigned nthawi zonse ngakhale a atakhala signed.

Nkhani ya x

Pano Icarus ikuposa Verilator. Imasunga mitengo yonse inayi, 0, 1, x ndi z, choncho kauntala imene mwaiwala kuipatsa reset imaoneka yofiira kuyambira poyamba, simungaiphonye. Verilator kwenikweni imagwira ndi 0 ndi 1. Koma x ili ndi chinyengo chake chimene buku lenilenilo limalamula: `if (madzi_atsika)` pamene chizindikirocho chili x imapita ku else mwakachetechete. Simulation imaonetsa pampu yozima bwinobwino, pomwe mu chip x kulibe, kuli 0 kapena 1. `casex` ndi yoipa koposa, chifukwa x yochokera mu chizindikiro imagwirizana ndi nthambi iliyonse imene yafika poyamba. Isiyeni, `casez` ndi chizindikiro cha `?` zimakwanira. Ma flip-flop a iCE40 amayamba ali 0 chip ikamaliza kudzikonza, koma kumalo kumene magetsi amabwera akuphethira, reset yeniyeni yodutsa mu synchronizer ndi yofunika ndithu.

Malo ena aang'ono

Verilog ya 2005 inkalola simulator kusiya kuwerenga masamu pakati ngati yankho ladziwika kale, koma siinkakakamiza. SystemVerilog inadula nkhani: `&&`, `||` ndi `?:` ziyenera kuima msanga, pomwe `&` ndi `|` ziyenera kuwerenga mbali zonse. Zimakhudza amene amaitana function yosintha zinthu mkati mwa if. Khomo lina linasiyidwa lotsegula mpaka lero: buku limapereka `j = i++ + (i = i - 1);` ndi i woyambira pa 10, n'kunena kuti j ikhoza kukhala 18, 19 kapena 20. Musalembe zotere. Ndemanga za `full_case` ndi `parallel_case` nazonso zitayeni, chifukwa simulator imaziona ngati ndemanga wamba pomwe chida cha synthesis chimazimvera, ndiye mumayesa saketi ina n'kupanga ina.

Zimene Icarus siingathe

SystemVerilog imaidziwa mbali chabe. UVM, laibulale ya ma testbench a SystemVerilog, siiyenda, ma concurrent assertion sikuwathandiza mokwanira, ndipo pa masaketi aakulu imachedwa kwambiri poyerekeza ndi Verilator ya Wilson Snyder, imene imasandutsa code kukhala C++. Mauthenga ake a zolakwa nthawi zina amangoti syntax error n'kuloza mzere wotsatira pamene cholakwa chili pamwamba pake, kawirikawiri semicolon yoiwalika. Ndipo monga simulator iliyonse ya mtundu umenewu, siionetsa metastability (flip-flop kuima pakati pa 0 ndi 1) kapena kunjenjemera kwa swichi pokhapokha mutakulemba nokha mu testbench. Swichi yoyandama ipatseni debounce, nthawi yodikira kuti ikhazikike, yosachepera mamilisekondi 20, omwe ndi ma clock 240,000 pa 12 MHz, ndipo pa thanki yogwedezeka sekondi yathunthu si yochuluka. Mu testbench igwedezeni ka 10 kapena ka 15 isanakhazikike, muone ngati pampu ikugwira mtima.

Momwe tikulangizira kuigwiritsa ntchito

Icarus isakhale yokha pa benchi. Yambani ndi Verilator ngati woyang'anira kalembedwe:

```
verilator --lint-only -Wall pampu.v
```

Zimatenga masekondi ochepa. BLKSEQ ikuuzani pamene mwaika `=` mu always ya clock, ndiwo mpikisano uja Icarus inakhalira chete. Machenjezo a WIDTH akusonyezani pamene ma bit akudulidwa kapena kuwonjezedwa, LATCH pamene if yopanda else yapanga latch, CASEINCOMPLETE pamene case yasiya mipata, MULTIDRIVEN pamene chizindikiro chimodzi chikulembedwa ndi ma always a ma clock osiyana. Musazimitse chenjezo lililonse musanamvetse chifukwa chake. Kenako:

```
iverilog -g2012 -Wall -gstrict-expr-width -o pampu.vvp pampu.v tb.v
vvp pampu.vvp
gtkwave pampu.vcd
```

Fayilo ya mafunde imatuluka pokhapokha testbench ili ndi `$dumpfile("pampu.vcd")` ndi `$dumpvars`. Samalani nayo, chifukwa VCD imafufuma msanga n'kudzadza disiki. Lozani `$dumpvars` pa module imene mukuifufuza yokha. Pa mzere woyamba wa testbench sindikizani parameter iliyonse, muiyerekeze ndi masamu a pa pepala.

Ngati muli ndi Verilator 5, thamangitsani testbench yomweyo kachiwiri ndi `--binary --x-assign unique --x-initial unique`, ndipo poyendetsa muwonjezere `+verilator+rand+reset+2` ndi `+verilator+seed+` ya manambala osiyanasiyana, mwina 10. Zimenezi zimadzadza ma flip-flop opanda reset ndi mitengo yachisawawa, monga chip ina ingachitire. Verilator 4 ya pa Ubuntu 22.04 ilibe `--binary` ndipo siitsatira `#` za mu testbench, ndiye kumeneko igwiritseni pa lint pokha, kuyang'anira kalembedwe kuja, kapena tengani OSS CAD Suite ya YosysHQ, imene ili ndi zida zonsezi pamodzi koma imadya bandulo yochuluka.

Zotsatira za ma simulator awiriwa zikasiyana, musathamangire kusankha imene yakukomerani. Tsegulani mutu 4 kapena 11, mupeze ngati buku linalamula kapena linasiya khomo. Ngati linasiya, code yanu ndiyo isinthe. Pomaliza, pulogalamu ya Yosys ikamaliza synthesis, tulutsani netlist (mndandanda wa tizigawo ta saketi ndi malumikizidwe ake) ndi `write_verilog`, muithamangitse mu Icarus pamodzi ndi fayilo ya `ice40/cells_sim.v` yobwera ndi Yosys, pogwiritsa ntchito testbench yomweyo. Zikagwirizana, lumikizani kaye babu pamalo pa contactor, mukhale ndi wotchi m'manja, muone ngati mphindi 6 zikukwanadi musanalumikize mota.